Werengani zimene Terminal ikunena musanavomere kuika magemu pa Linux

Akonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi achinyamata amene akuika Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene imagwira ntchito ngati ya Windows, m'makompyuta awo. Kuyambira pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, ndipo malaputopu ambiri a kaunjika sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 kapena purosesa yake ndi yakale. Eni ake ena akuthawira ku Linux Mint ndi Ubuntu, imene ndi mitundu ya Linux, ndipo akangomaliza kuika, funso loyamba limakhala la magemu. Magemu akusewereka bwino lomwe pa Linux masiku ano, makamaka chiyambire 2018 pamene kampani ya Valve inatulutsa Proton, pulogalamu imene imathandiza Steam, sitolo ya magemu ya Valve yomweyo, kuyendetsa magemu a Windows. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti kompyuta ikawonongeka pa ntchito yoika magemu, nthawi zambiri amene waiwononga ndi mwini wake yemwe, polemba pasiwedi ndi kuvomera zinthu asanaziwerenge.

Nkhani imene anthu a Linux sadzaiwala inachitika mu 2021. Linus Sebastian wa tchanelo cha Linus Tech Tips pa YouTube ankafuna kuika Steam pa Pop!_OS, Linux yopangidwa ndi kampani ya System76. Pulogalamu yoikira zinthu itakana, iye anatsegula Terminal, windo lolembamo malamulo a kompyuta, n'kulemba lamulo la apt, pulogalamu imene imaika ndi kuchotsa mapulogalamu ena. Kompyuta inamuonetsa mndandanda wautali wa maphukusi, kutanthauza zigawo za mapulogalamu, amene ichotse, inachenjeza kuti zimenezi n'zoopsa, ndipo inati ngati akufunadi alembe mawu akuti "Yes, do as I say!". Analemba. Desktop yonse inachotsedwa, anangotsala ndi skirini yakuda ya malemba okhaokha. Vuto linalidi m'phukusi la Steam la nthawi imeneyo, ndipo a System76 analikonza, komanso opanga apt anasintha pulogalamu yawo kuti izikana kuchotsa maphukusi ofunikitsitsa. Komabe chenjezo linali poyera pa skirini. Ndipo chitetezo chatsopanocho sichiteteza phukusi lililonse, kotero ngozi yofanana nayo ikhoza kuchitikabe.

Gwero la mavuto otere ndi lofunika kulimvetsa. Linux yanu ndi ya 64-bit, koma Steam ndi magemu ambiri akale zimafunabe mbali zina za 32-bit, zimene apt imazitcha i386. Pa maphukusi ambiri otere, lamulo la apt ndi lakuti phukusi la 64-bit ndi mnzake wa 32-bit akhale a nambala yofanana ndendende. Tiyerekeze kuti mwaika Linux kuchokera pa flashi imene inakonzedwa miyezi ingapo yapitayo, ndiye musanakonzenso mndandanda wa maphukusi mwathamangira kuika Steam. Zimene zili m'kompyuta ndi zakale, zimene zili m'nkhokwe ya pa intaneti ndi zatsopano, manambala sakugwirizana. Pofuna kukwaniritsa zimene mwapempha, apt ikhoza kupeza njira yochotsa phukusi la 64-bit pamodzi ndi zonse zimene zimadalira phukusilo, ndipo desktop imakhala m'gulu lomwelo. Imachita zimenezi mokhulupirika, itakufunsani kaye.

Choncho ntchito iyambe ndi sudo apt update, kenako sudo apt upgrade, kenako muzimitse kompyuta n'kuyatsanso. Malamulowa amalembedwa mu Terminal, ndipo mawu akuti sudo amapatsa lamulo mphamvu zosintha chilichonse m'kompyuta. Bandulo ikachepa musadumphe sitepe imeneyi. Ndi bwino kudikira kusiyana n'kuika Steam pa Linux yosakonzedwa. Mukatero tsegulani Timeshift, imene imabwera kale ndi Linux Mint ndipo pa Ubuntu imapezeka m'nkhokwe, mujambule mmene Linux yanu ilili kuti zikavuta mubwerere pomwepo. Dziwani kuti Timeshift, ikasiyidwa mmene imabwerera, sisunga zithunzi, makalata ndi ntchito zanu za kusukulu zimene zili mu foda ya home. Zimenezo muzikopere nokha pa diski yakunja, ndipo mukamaliza diskiyo muizule.

Lembani dpkg --print-foreign-architectures. Likayankha kuti i386 ndiye kuti zili bwino. Likapanda kuyankha kanthu lembani sudo dpkg --add-architecture i386 n'kubwereza sudo apt update. Pa Ubuntu muonetsetsenso kuti gawo la nkhokwe lotchedwa multiverse ndi lotsegula polemba sudo add-apt-repository multiverse. Tsopano pali lamulo limene tikufuna wowerenga aliyense alisunge: apt install -s steam-installer. Chilembo cha s chimauza apt kuti ingoyeserera, ionetse zimene ikanachita popanda kukhudza chilichonse. Yang'anani mzere wakuti "The following packages will be REMOVED". Kuika Steam kumawonjezera maphukusi ambiri, sikufunika kuchotsa desktop. Mukaona m'munsi mwa mzerewo mayina ngati xorg, gdm3, lightdm, gnome-shell, cinnamon kapena ubuntu-desktop, imani pomwepo, mubwereze update ndi upgrade, muyesenso tsiku lotsatira. Ngati palibe chochotsedwa, lembani sudo apt install steam-installer, muwerengenso, kenako muvomere.

Njira ina yoikira mapulogalamu ndi Flatpak, imene Linux Mint imabwera nayo kale: flatpak install flathub com.valvesoftware.Steam. Kwa munthu amene akungoyamba kumene, ife timakonda njira imeneyi, chifukwa Flatpak imabwera ndi mbali zakezake za 32-bit ndipo sikhudza maphukusi a apt, kotero singachotse desktop. Imatsekeranso Steam m'malo akeake moti siona mafoda anu onse. Zovuta zake zilipo. Steam ya pa Flathub, nkhokwe ya Flatpak, imasamalidwa ndi anthu odzipereka osati a Valve, imadya bandulo yambiri pa tsiku loyamba, ndipo diski yachiwiri siiona mpaka mutaipatsa chilolezo ndi pulogalamu ya Flatseal. Padi yosewerera ikakana kugwira ntchito, ikani phukusi la steam-devices ndi apt. Amene akufuna Steam yochokera kwa eni ake akatenge fayilo ya deb pa store.steampowered.com basi, osati pa tsamba lina lililonse. Musaike Steam ziwiri pa kompyuta imodzi, chifukwa iliyonse imasunga magemu mu foda yake ndipo mudzapezeka mukudawuniloda gemu imodzi kawiri.

Steam musaiyatse ndi sudo, ngakhale itakana kutseguka. Mu Januwale 2015 panapezeka cholakwika mu fayilo yoyatsira Steam ya pa Linux. Munthu wina anasamutsa foda ya Steam pamanja, ndipo lamulo lofufuta zinthu limene linali m'fayiloyo, posapeza njira ya ku fodayo, linayamba kufufuta kuchokera ku tsinde la diski. Mafayilo onse a munthuyo anapita, ndi a pa diski yakunja imene inali yolumikizidwa omwe. Linux yeniyeniyo inapulumuka chifukwa Steam inalibe mphamvu za root, zimene sudo imapereka. Cholakwikacho chinakonzedwa kalekale, koma mukafuna kusamutsa magemu, gwiritsani ntchito Settings kenako Storage m'kati mwa Steam momwemo.

Madilayiva a khadi la graphics ndiwo amachititsa madandaulo ambiri akuti gemu ikungotseguka n'kutsekeka. Makhadi a AMD ndi Intel amagwiritsa ntchito Mesa, imene imabwera ndi Linux. Mungoonetsetsa kuti mesa-vulkan-drivers ndi mesa-vulkan-drivers:i386 zonse zilipo. Khadi la Nvidia muliikire dilayiva kudzera mu Driver Manager pa Mint kapena Additional Drivers pa Ubuntu. Fayilo yothera ndi .run ya pa tsamba la Nvidia muisiye, chifukwa imalemba pamwamba pa mafayilo amene apt ikuwasamalira, ndipo tsiku lina mukakonzanso Linux mudzakumana ndi skirini yakuda. Ngati Secure Boot, chitetezo cha poyatsa kompyuta, ndi yoyatsa, poika dilayiva mukhoza kufunsidwa kuti mupange pasiwedi, ndipo poyatsanso kompyuta pamabwera skirini ya buluu yolembedwa Enroll MOK. Anthu amaiopa n'kuidumpha, dilayiva n'kukana kugwira ntchito. Sankhani Enroll MOK, mulembe pasiwedi ija.

Eni malaputopu akale amve izi asanawononge ndalama. Proton imamasulira malamulo ojambulira zithunzi a Windows, otchedwa DirectX, kukhala a Vulkan amene Linux imamva, ndipo kuyambira Proton 8 imafuna Vulkan 1.3. Ikani vulkan-tools, mulembe vulkaninfo --summary, muone nambala imene khadi lanu likufika. Intel HD Graphics 4000 ndi 4400, zimene zili m'malaputopu ambiri a kaunjika, sizifika pamenepo, chimodzimodzinso makhadi a Nvidia amene anathera pa dilayiva 470. Pa makina otere yesani Proton 7 posankha Properties kenako Compatibility pa gemuyo, kapena lembani PROTON_USE_WINED3D=1 %command% mu Launch Options kuti gemu idzere ku OpenGL, njira yakale yojambulira zithunzi. Idzayenda pang'onopang'ono, koma magemu akale ambiri amatseguka. Musanagule kapena kudawuniloda gemu iliyonse, onani dzina lake pa ProtonDB, pomwe osewera amalemba ngati yayenda ndi zimene anasintha.

Tsopano nkhani yovuta, ya magemu obenthula, okopedwa mwakuba, amene amayendayenda pa maflashi. Pali chikhulupiriro chakuti pa Linux palibe vayirasi, kotero munthu akhoza kutsegula setup.exe iliyonse ndi pulogalamu ya Wine mopanda mantha. Si zoona. Wine inapangidwa kuti mapulogalamu a Windows ayende pa Linux, ndipo oipa omwe amayenda. Mu Wine muli diski yotchedwa Z imene imaloza ku mafayilo onse a Linux yanu, kotero pulogalamu yotseka mafayilo n'kufuna dipo ikhoza kufika pa chilichonse chimene akaunti yanu ili ndi chilolezo chosintha, kuphatikizapo diski yakunja ngati ili yolumikiza. Mapasiwedi amene asungidwa mu burawuza ali mu foda ya home yomweyo. Zowonjezera za magemu nazo si zoyera zonse: mu Juni 2023 vayirasi yotchedwa fractureiser inafalikira kudzera m'zowonjezera za Minecraft, ndipo inalembedwa kuti igwire Windows ndi Linux yomwe. Malangizo a pa intaneti akuti koperani mzere woyamba ndi curl wothera ndi sudo bash amapereka kompyuta yonse kwa munthu amene simukumudziwa. PPA, kutanthauza nkhokwe ya maphukusi ya munthu wapadera, iliyonse imene mwawonjezera imapatsanso mwini wake mphamvu zosintha phukusi lililonse m'kompyuta yanu, ndiye musawonjezere PPA chifukwa choti vidiyo ina yalonjeza kuti gemu ithamanga.

Njira zoyera zilipo zokwanira. Dota 2 ndi Counter-Strike 2 ndi zaulere pa Steam ndipo zinapangidwira Linux yomwe. SuperTuxKart ndi 0 A.D. zili m'nkhokwe ya Ubuntu ndi Mint. Magemu a ku Epic ndi GOG amaikidwa ndi Heroic, ena ndi Lutris kapena Bottles, ndipo zonsezi zimapezeka pa Flathub.

Okonda mpira tiwauze chilungamo. Kuyambira FIFA 23, magemu a mpira a kampani ya EA ali ndi pulogalamu yoletsa chinyengo imene sigwira ntchito pa Linux. Valorant ndi Fortnite nazo siziyenda, Apex Legends inatsekera osewera a Linux mu 2024, ndipo GTA V imayenda mukamasewera nokha koma GTA Online inasiya kulola Linux chaka chomwecho. Palibe lamulo la mu Terminal limene lingakonze zimenezi, ndipo aliyense wokupatsani fayilo yoti imalambalala chitetezocho akuika akaunti yanu pa chiopsezo chotsekedwa, mwinanso akukupatsani vayirasi. Amene sangakhale popanda magemu amenewa asunge Windows pa mbali ina ya diski. Akatero asasunge magemu a Proton pa diski ya NTFS, mtundu wa Windows wosungira mafayilo, imene akugawana ndi Windows. Proton imapanga mafayilo olozera ndi mayina okhala ndi zizindikiro zimene Windows silola, komanso Fast Startup ya Windows imasiya diskiyo ili yotsekeka moti Linux imangowerenga osalembapo. Magemu a Linux akhale pa diski ya ext4, mtundu wa Linux wosungira mafayilo.

Za bandulo: tsamba la Steam limati Counter-Strike 2 imafuna malo okwana 85 GB. Ngati mnzanu ali nayo kale, koperani foda ya gemuyo kuchokera mu steamapps/common pamodzi ndi fayilo yake ya appmanifest, imene ya Counter-Strike 2 ndi appmanifest_730.acf, muziike m'malo omwewo pa kompyuta yanu Steam ili yotseka. Mukaitsegula idzangoona mafayilowo n'kudawuniloda zochepa zimene zikusowa. Gemu yogula imafunabe kuti ikhale pa akaunti yanu. Mu Settings, pa Downloads, mukhozanso kuika malire a liwiro, kusankha maola a usiku, ndi kuzimitsa shader pre-caching, yodawunilodiratu mafayilo othandiza kujambula zithunzi, ngati ikukudyerani bandulo, ngakhale gemu ikhoza kumadodoma pang'ono poyamba.

Magetsi akathima Steam ili m'kati modawuniloda, palibe vuto, imapitiriza pamene inalekezera. Akathima apt ili m'kati moika maphukusi, makamaka dilayiva kapena kernel, mtima wa Linux, ndiye pamakhala ntchito. Laputopu yopanda batire yabwino isaikidwe dilayiva pa nthawi imene magetsi akuphethiraphethira. Zikachitika, lembani sudo dpkg --configure -a, kenako sudo apt --fix-broken install, n'kuwerenganso mzere wa zochotsedwa uja musanavomere. Desktop ikakana kubwera, dinani Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi, mulowe ndi dzina ndi pasiwedi yanu, mulembe malamulo omwewo kapena sudo timeshift --restore.

Makolo ndi eni malo osewerera magemu, tsegulani akaunti yachiwiri ya mtundu wa Standard, yopanda mphamvu za sudo, ndipo ana kapena makasitomala azisewerera pamenepo. Steam muiike inu kuchokera pa akaunti yaikulu, pasiwedi yake musaipereke, ndipo pa akaunti iliyonse ya Steam muyatse Steam Guard, chitetezo cha polowa mu akaunti.

Ndife anu,
Okonza makompyuta,
Limbe