Katuni wa Futurama ali ndi masamu oyenera kulowa m'kalasi

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi ndilankhule ndi aphunzitsi a masamu a m'sukulu za sekondale kuno ku Mulanje, komanso anyamata omasulira mafilimu amene timawamvera m'nyumba zoonetsera vidiyo pa Chitakale ndi pa Limbuli. Ambiri timaona katuni ngati chosangalatsa ana basi, koma gawo lina la Futurama lili ndi phunziro lokwanira kudzaza ola lonse la kalabu ya masamu.

Futurama anayiyambitsa Matt Groening mu 1999. Gawo limene ndikunenali ndi "The Prisoner of Benda", la mu 2010, ndipo analilemba Ken Keeler, munthu amene ali ndi digiri ya PhD ya masamu. M'gawoli anthu awiri a m'katunimo, Professor Farnsworth ndi Amy, akupanga makina osinthanitsa nzeru za anthu awiri, wina kulowa m'thupi la mnzake. Vuto lake, matupi awiri amene asinthana kamodzi makinawo sawalolanso kachiwiri. Anthu akusinthana mwachisawawa mpaka aliyense kusokonekera. Keeler anakhala pansi n'kutsimikizira mwa masamu kuti ngakhale chisokonezocho chikule bwanji, anthu awiri okha atsopano, amene sanalowepo m'makinawo, ndi okwanira kubwezera aliyense m'thupi lake. Umboni wake umaoneka pa bolodi m'katunimo.

Izi zimatheka m'kalasi popanda magetsi kapena kanema. Pafunika ophunzira anayi, timapepala tinayi, choko ndi bolodi. Ophunzirawo tiwatche A, B, X ndi Y. Mwana ndiye thupi, kapepala kolembedwa dzina lake ndiko nzeru zake. A ndi B asinthane timapepala, ndipo mphunzitsi alembe AB pa bolodi, kutanthauza kuti awiriwa sadzasinthananso.

Choyamba apatseni wothandiza mmodzi yekha, X, ayese. X asinthana ndi A, kenako ndi B. Apa B wapeza kapepala kake, koma A wagwira ka X ndipo X wagwira ka A, pomwe awiriwa anasinthana kale. Njira yatsekeka. Asiyeni anawo alimbane nazo mphindi zisanu kapena khumi, asinthe ndondomeko mmene angafunire, aone okha kuti wothandiza mmodzi sakwanira. Pamenepa mpamene pagona phunziro, choncho mphunzitsi asafulumire kuulula yankho.

Tsopano alowe Y, ndipo muyambirenso pamene A ndi B angosinthana kumene. X asinthane ndi A. Y asinthane ndi B. X asinthane ndi B, ndipo B walandira kake. Y asinthane ndi A, ndipo A walandira kake. Otsala ndi X ndi Y amene agwirirana timapepala, koma popeza sanasinthanepo, asinthana n'kutha. Kusinthana kasanu, ndipo pa bolodi pali XA, YB, XB, YA ndi XY, palibe chobwerezedwa.

Zimene zimalakwika kawirikawiri ndi ziwiri. Wolemba pa bolodi amalemba mayina a pa timapepala m'malo mwa mayina a ana amene asinthana, pomwe lamulo la makina likukhudza matupi. Akatero mndandanda wonse umanama. China, X ndi Y amathamangira kusinthana pakati pa masewero, ndiye pomaliza amasowa pothawira. Kusinthana kwa awiriwa kusungidwe mpaka kumapeto. Ana akazolowera, onjezani gulu likhale la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, asokonezane okha, othandiza akhalebe awiri omwewo.

Kwa omasulira mafilimu, pempho langa ndi lakuti mukafika pa gawo lotere musamakwirire mawu a osewera ndi nthabwala zanu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Luso lanu timalikonda, koma lamulo lija lakuti matupi awiri sasinthana kawiri likapanda kumveka bwino m'Chichewa, woonera amangoona anthu akuthamangathamanga osadziwa chavuta n'chiyani. Tchulaninso momveka kuti amene akulankhulayo ndi ndani ndipo ali m'thupi la yani, chifukwa nkhope ndi ya wina, nzeru ndi za wina.

Makolo ndi aphunzitsi adziwenso kuti Futurama sanapangire ana aang'ono. Muli nthabwala za akuluakulu, ngakhale m'gawo lomweli. Mphunzitsi ayambe waonera yekha gawo lonse, lomwe ndi la mphindi pafupifupi 22, asankhe poyambira pamene makina akufotokozedwa ndi pomalizira pamene bolodi likuoneka, zinazo afotokoze pakamwa.

Wokonda masamu,
Chitakale, Mulanje