Za mawu aja akuti "by Friday"

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira wadzuka bwino. Ife kuno tilipo, kungoti bondo lija likumandivutabe kukazizira.

Mlongo wako wandiuza za kalata yokuchenjeza imene abwana ako akupatsa. Usamukalipire, ndinachita kumupanikiza ndine nditaona kuti akuyankha mozemba. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ntchito imene unaifunafuna zaka ziwiri zathunthu, lero ili pangozi chifukwa cha kamawu ka zilembo ziwiri! Akuti iwo anakulembera kuti "Send the report by Friday", iwe n'kutumiza Lolemba m'mawa, ndipo mpaka pano ukuumirira kuti sunalakwe poti Loweruka ndi Lamulungu sagwira ntchito.

Unalakwa, mwana wanga. Ndikuuze ndine bambo ako, asanakuuze ena mokuseka. Iwe "by" unamumva ngati "cha" wathu uja, ngati munthu akunena kuti ndibwera cha kumapeto kwa sabata. Si choncho ayi. Akati "by Friday" ndiye kuti pofika Lachisanu ntchitoyo ikhale ili m'manja mwawo. Ukapereka Lachitatu zili bwino kwambiri, Lachisanu lenilenilo ndiye malire, ndipo likangodutsa wachedwa, kaya ofesi inali yotseka kaya ayi. Imelo imayenda ndi Loweruka lomwe. Ndiye pali mnzake wa mawuwa, "until", amene anthu ambiri amamusokoneza ndi "by". Wina akati "I will be away until Friday" akutanthauza kuti kuchokapo kwakeko kupitirira mpaka Lachisanu. "Until" ndi wa chinthu chimene chikuchitikabe kufikira tsikulo, pomwe "by" ndi wa chinthu chimene chiyenera kukhala chitatha tsikulo lisanapite. Uziwerenge kawiri zimenezi.

Chimene chikundiwawa n'chakuti Chingerezi umachidziwa kuposa ine. Ukamayankhula pa foni ndi anzako ndimangoti kukamwa yasa. Koma liwiro la lilime si kumva ayi.

Nkhani iyi sindinakuuzepo yonse chifukwa imandichititsa manyazi mpaka lero. Ndisanakwatire amayi ako ndinaitanidwa ku intaviyu pa ofesi ina. Mayi amene anandipatsa uthenga anati ndifike "quarter to nine". Ine m'makutu mwanga munalowa "quarter" ndi "nine" basi, kamawu kapakatiko sindinakasamale. Ndinasita malaya usiku, nsapato ndinapolisha mpaka kumaoneka nkhope, ndipo ndinalowa pachipata 9 koloko itapitirira ndi mphindi zisanu, ndikudzitama mumtima kuti ndalawirira ndi mphindi khumi. Mlonda anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti dzina langa aliitana kawiri ndipo alowetsa wina. Ndinakhala pa benchi ya pakhonde mpaka masana, envulopu ya masatifiketi ili pamiyendo, osaitanidwanso. "Quarter to nine" ndi 8:45, kutatsala mphindi 15 kuti ikwane 9. Imene ndinali nayo m'mutu ine, 9:15, ndi "quarter past nine". Pakati pa "to" ndi "past" panagona theka la ola, ndipo theka la ola limenelo linandidyera chaka china chathunthu ndikuyendayenda ndi envulopu ija.

N'chifukwa chake ndinkakuvutitsa uli wamng'ono ndi wotchi ya pakhoma ija, kukunyamula kuti uloze muvi wautali. Unkalira kuti ukufuna kukasewera. Ukukumbukira?

Ndipo usaganize kuti zathera pomwepo. Anthu a ku Britain amakonda kunena "half seven" kutanthauza 7:30, angomeza "past". Koma munthu amene chinenero chake ndi Chijeremani kapena Chidatchi, mawu ofanana ndi amenewo kwawo amatanthauza 6:30, ndiye akamayankhula Chingerezi akhoza kusokoneza. Za a.m. ndi p.m. ukuzidziwa, n'zochokera ku Chilatini, "ante meridiem" ndi "post meridiem", dzuwa lisanafike paliwombo ndiponso litapendeka. Vuto lili pa 12. Anthu anazolowera kuti 12 p.m. ndi masana, 12 a.m. ndi pakati pa usiku, koma ambiri amalemba mosemphanitsa. Iwe ukamalemba uzingoti "noon" kapena "midnight", ndipo wina akakulembera 12 yekhayekha, funsa.

Funsa, mwana wanga. Kufunsa sikunachotsetsepo munthu ntchito.

Amayi ako akuti ndikukumbutse za "on time" ndi "in time", ndipo akunena akuseka chifukwa akuti iwe unabadwa uli munthu wa "just in time". Zoona zake. Kusukulu unkathamanga nsapato imodzi ili kumanja, belu likulira. "On time" ndi pa nthawi yeniyeni imene munapangana: "The meeting started on time", msonkhano unayamba pa ola lake, osati mochedwa. "In time" ndi kufika mpata ukadalipo, chinthu chisanakupite: "We arrived in time to catch the bus". Ukawonjezera "just" kutsogoloko ndiye kuti unapulumukira mkamwa mwa mbuzi, basi inali italiza kale injini. Kunyumba tinkaseka nazo zimenezi chifukwa ndiwe wathu. Abwana si amayi ako. Iwo akawona munthu wolowa mu msonkhano ali wefuwefu tsiku ndi tsiku, amasunga mumtima, ndipo tsiku lochepetsa anthu amayambira pa iyeyo.

Pali enanso amene ndikufuna uwasamale m'makalata a kuntchito. "In two weeks" ndiye kuti pakatha masabata awiri, pomwe "within two weeks" ndi masabata awiriwo asanathe, tsiku lililonse m'katimo. "Fortnight" ndi masiku 14. Akati "five working days" sawerengera Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi, ndipo pamenepo pokha ndi pamene maganizo ako aja akanagwira ntchito, akanakhala kuti analemba choncho. Sanatero. Koma "next Friday" ndiye amakanganitsa ngakhale eni ake chinenerocho: wina amati ndi Lachisanu likubwerali, wina amati ndi la sabata yamawa. Pamenepo usachite manyazi, yankha kuti "Do you mean Friday the 12th?" kuti tsiku lilembedwe ndi nambala. Ngakhale manambalawo uziwayang'anitsitsa, chifukwa 03/04 kwa Mngelezi ndi 3 Epulo, kwa munthu wa ku America ndi 4 Malichi.

Tsopano ndinene chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri, ndipo apa sindikuseka. Si mawu a abwana okha, ndi akonso. Uli ndi chizolowezi chonena kuti "I'm on my way" uli m'bafa. "Give me five minutes", kenako ola lathunthu. Tsiku lija tinabwera kudzakuona, amayi ako anaima padzuwa ndi chikwama kuyambira 10 koloko, iwe pa foni ukungoti "almost there, almost there". Anakukhululukira usanafike n'komwe, koma ine ndinaona mmene ankasinthira mwendo woimira. Ku ntchito mawu amenewa amawatenga monga lonjezo. Ukati "I will send it shortly" munthu amakhala akuyang'ana pa kompyuta yake. Ukati "first thing tomorrow" ndiye kuti ukangolowa mu ofesi, usanachite china chilichonse, osati 11 koloko. Ngati ukudziwa kuti sutha, nena zoona nthawi ikadalipo: "I will need until Wednesday". Waona, "until" uja wabweranso, ndipo apa ali pamalo pake.

Sindikuti ndiwe waulesi. Ndikudziwa mmene umagwirira ntchito ukaifuna, ndinakuona ukuwerenga mpaka tambala woyamba nthawi ya mayeso. N'chifukwa chake zikundipweteka kuti anthu amene sakukudziwa akuweruze ndi wotchi.

Mawa upite kwa abwanawo. Usakayambe ndi zoti Loweruka sagwira ntchito, zimenezo uzisiye pakhomo. Ukapepese, ukanene kuti unamva molakwa, ndipo ukapemphe kuti kuyambira tsopano azikuuza tsiku ndi ola. Ukatuluka m'menemo ulembe pa kalendala, kutatsala tsiku limodzi kuti lifike limene akuuzalo.

Amayi ako akupereka moni, akuti juzi ija unaiwala ili pompano. Undiimbire ukayankhula nawo abwanawo, ndikhala ndikudikira foni yako pofika Lachinayi madzulo.

Ndine,
Bambo ako