Za vanda wako uja wosachita maluwa

Mzanga wapamtima,

Zithunzi zija unanditumizira pa WhatsApp ndaziona, ndipo ndaziyang'ana kangapo konse, nde ndati za pa foni zongoyankhana mawu awiri atatu sizithandiza, bola ndikhale pansi ndikulembere bwinobwino. Kuno tonse tili bwino, kungoti Juni wa ku Dedza ukumudziwa, mmawa nkhungu ikatsika kuphiri kuja nyumba ya aneba osaiona, madzi amu ndowa kuchita kuluma zala. Ana akupereka moni kwa anti awo aku Joni.

Tsono za vanda wakoyo, duwa lako la banja la ma orchid lomwe silikuchita maluwa lija. Usamutaye chonde, sanafe, ndipo sakudwalanso ayi. Chomwe ndaona ine nchakuti masamba ake abiriwira mopitirira, achita kuderako, ndipo ukaona choncho udziwe kuti akusowa dzuwa. Pakona pomwe wamuyika paja mpokongola inde koma kwa iyeyo ndi mumdima. Vanda amene akulandira kuwala kokwanira masamba ake amakhala obiriwira mopepuka ngati tsamba lanthete la nthochi, ndipo ameneyo ndi amene amatulutsa maluwa. Wamumthunzi amangokula masamba chaka ndi chaka, iwe nkumati akusangalala. Wanga woyamba uja anakhala zaka ziwiri pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa khitchini osaonetsa kanthu, mpaka ndinamusamutsira pakhonde lakummawa pomwe dzuwa limamuomba kuyambira likangotuluka mpaka cha mma 10. Koma usakamuchotse mnyumba lero nkumuyika padzuwa la masana, apsa masamba ndipo chipsera chake sichipola. Uzimusuntha pang'onopang'ono, masabata awiri kapena atatu, ndipo dzuwa la masana lizimupeza kudzera mu neti.

Chachiwiri chomwe chandidetsa nkhawa ndi poto uja. Mzanga, ndaona ngati wathiramo dothi eti? Chotsa lero lomwe. Maluwa amenewa kwawo ndi ku Asia kotentha, ku India, Thailand, Philippines uko, ndipo kumeneko samera pansi, amakakamira pa mitengo mizu ili lende mumphepo. Mizu yoyerayo ili ndi kachikopa kangati siponji, mvula ikagwa kamamwa madzi msanga kenako nkuuma, nde ukaikwirira mu dothi lonyowa imabanika nkuola. Ine anga ali mu timabasiketi ta timatabwa tomwe anandikhomera kalipentala wapa boma pompano, mulibe chilichonse mkatimo kupatula makala awiri atatu ongogwiriziza tsinde, ndawapachika ndi waya. Mizu ina yatalika kupitirira mkono wanga ndipo sindiidula olo alendo anene kuti ikuoneka mosalongosoka, mphamvu ya duwa ili mmenemo.

Poti alibe dothi, kuthirira ndi kwa tsiku ndi tsiku nyengo yotentha, Okotobala mwina kawiri. Ndimathirira mmawa, ndimathira mpaka mizu yotuwa ija isanduke yobiriwira, ikabiriwira ndiye kuti yamwa. Ikauma kwambiri ndimangotsitsa basiketi yonse nkuviika mizu mu ndowa kwa mphindi 15 kapena 20. Madzi amvula ndi amene amamukomera, ine ndimatchera mu diramu. Chongosamala nchakuti madzi asagone pansonga pomwe pamatulukira tsamba latsopano, vanda amakulira pamalo amodzi pompo basi, pakaola pamenepo zavuta. Ukaona masamba apansi akuyoyoka tsinde nkutsala lambulanda, kawirikawiri ndi ludzu.

Feteleza usatenge wa chimanga uja nkuwaza pa mizu, umaotcha. Pezako wosungunula mmadzi, kwanuko ngosasowa mmashopu a maluwa, ndipo pa mlingo womwe alemba papaketi iwe uzithira gawo limodzi mwa magawo anayi, kamodzi pa sabata nyengo yomwe akukula. Uziyamba wanyowetsa mizu ndi madzi wamba. Kamodzi pamwezi umutsuke ndi madzi okhaokha kuti mchere wa feteleza usaunjikane.

Koma nkhani yaikulu kwa iwe ndi ine ndi kuzizira, apa nde ndimvetsetse. Akanakhala kuti tili ku Salima kapena ku Mangochi bwenzi tikungomupachika pamtengo nkumuiwala, koma Dedza ndi pamtunda, ndipo Johannesburg nayonso ndi pamtunda, kwanuko mpaka chisanu chimayera pa kapinga. Vanda ambiri safuna usiku wozizira kutsika madigiri 13 kapena 15, akazizidwa nsonga za mizu zimasiya kukula, amangoima, ndipo kuti adzayambirenso zimatenga miyezi, maluwa a chaka chimenecho nkukupita. Nde ine kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka Ogasiti ntchito yanga ndi yomweyi, dzuwa likamapendeka ndimawalowetsa onse anayi mnyumba, ndinakhoma misomali pa phaso pafupi ndi zenera, mmawa kukafunda cha mma 9 ndimawatulutsanso. Tsiku la chiperoni satuluka nkomwe. Masiku amenewa kuthirira ndimachepetsa, ndimadumphitsa tsiku kapena awiri, madzi ake osati ozizira ochokera panja, ndipo feteleza ndimasiya kaye. Bambo a kunyumba poyamba ankadabwa, pano ndikachedwa ku msika amawalowetsa okha. Iweyo ngati umayatsa hita usamuyandikize, mpweya wake ngouma kwambiri.

Ukadzafuna kugula wina, funsa amene ali ndi magazi a Vanda coerulea, wamaluwa a buluu uja. Kwawo ndi kumapiri a kumpoto chakummawa kwa India, Myanmar ndi Thailand, nde amapirirako kuzizira kuposa anzake, ine ndi amene sandivuta kwenikweni. Pali ena amasamba obulungira ngati pensulo, ngati Vanda Miss Joaquim amene dziko la Singapore linamusankha kukhala duwa lake mu 1981, amenewo amafuna dzuwa lonse ndi kutentha, kwa ife kuno angativute.

Ukudziwa zomwe zinandidabwitsa? Chikande chomwe tinkagula tili ana chija chimachokera ku zomera za banja lomweli, kungoti izo zimamera pansi mmadambo ndi mmapiri, timizu take tonga mbatatesi nkumene amakumba. Ndimaganiza zimenezi ndikamaona mmene anthu akukumbira osasiyako, zimandiwawa.

Kukayamba kufunda uziyang'ana pakati pa tsinde ndi tsamba. Muzu watsopano nsonga yake imakhala yosalala yonyezimira ndipo umaweramira pansi kapena kumbali, pomwe kamphukira ka maluwa kamatuluka mkhwapa mwa tsamba nkuloza kumwamba kofuna kuwala. Ukakaona usamusunthenso malo, usamutembenuze, ndipo asagone ndi ludzu olo tsiku limodzi chifukwa timaluwa tisanamasule timafota msanga. Akamasula amakhala mwezi wathunthu kapena kupitirira, ndipo akakhazikika bwino atha kuchita kawiri pachaka. Wanga wa buluu uja chaka chatha anamasula maluwa asanu ndi atatu pa phesi limodzi, amayi anachita kubwera kuchokera ku Bembeke kudzaona, anakhala pakhonde paja tiyi mpaka kuzizira.

Ukamuchotsa mu dothimo unditumizire chithunzi cha mizu ndione yomwe ili moyo, yofewa yakuda yokha ndi imene udule, ndi sizasi yoyera. Undiuzenso zenera lako lalikulu lija layang'ana mbali iti. Moni kwa alamu ndi ana, ndipo Disembala uno ubwere ndithu.

Ndine mzako wa ku Dedza