Inu a kampani ya intaneti, R876 yanga mubweze

Inu amene munandiikira fiber kuno ku Rosettenville, kuJoni, foni ndaimba, inbox ndalemba, kuli zii. Ndiye ndilemba pompano pagulu mwina manyazi akugwirani.

Pa 1 paliponse mumadula R599 ku akaunti kwanga osaphonya olo tsiku limodzi, pamenepo ndiye ndinu akatswiri, ulemu wanu. Koma mwezi watha, kaya kumayambiriro kwa uno, intaneti inayamba kukwawa ngati nkhono, nditsegule apu yanu ija ndikuona zida 19 pa waifai yanga. Nyumba yanga ndimaidziwa ine: mafoni anayi, TV, laputopu ya mwana, kamera yapageti, pulagi ya giza ija timazimitsa pafoni kuti mayunitsi asathe, ndi mababu awiri. Zinthu 10 basi. Nanga 9 zinazo nzandani? Maina akenso ndi Unknown, Unknown, Espressif, kwinako manambala okhaokha. Mpaka ndinayamba kuwakayikira aneba akuseri, mayi amene timabwerekana mchere, moni wanga anauma sabata yathunthu.

Munatumiza teknishani wanu ndinalipira R450. Anazula rauta, kabokosi ka waifai kaja, nkubayanso, nkundiuza kuti sinthani pasiwedi, ulendo. Tiyi amene ndinamuteleka sanawire nkomwe. Ndinasinthadi, Sande yonse inathera kulumikizanso mababu, pulagi ndi kamera chimodzichimodzi, mawa lake mizukwa ija ili pompo.

Koma chandiwawa kwambiri ndi cha kushopu kwanu. Ndinajomba kuganyu, R350 yapita, matakisi kupita ndi kubwera kudzera ku renki ya Bree R76, ndaima pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kufika pakauntala mnyamata wanu akutafuna chingamu maso ali pafoni yake, ndikufotokoza iye osadzutsa mutu. Atamva kayankhulidwe kanga anayamba kundiyeseza, mnzake wapambali nkumaseka. Kenaka akuti anthu inu mumakhala 20 m'chipinda chimodzi ndiye mukudabwa chani kuti zida zachuluka. Anthu inu! Abale anga a kuJoni mwamva? Ine mayi wa ana, msinkhu wa mayi ake, kunyozedwa pagulu ndi kamwana kamene malipiro ake akuchokera mu R599 yanga yomweyo. Apu sanaiyang'ane nkomwe, anangoitana wotsatira. Misozi ndinakaigwetsera mutakisi.

Mukudziwa anathetsa nkhaniyi ndani? Mwana wa achemwali anga wa Grade 10, atabwera kudzadya nsima. Analowa mu rauta pa adiresi yake ya 192.168.1.1 nkundionetsa kuti chida chilichonse chili ndi nambala yake, MAC address, zilembo ndi manambala 12, ndipo 6 zoyambirirazo zimanena kampani imene inapanga. Espressif amene ndinkamuyesa wakuba uja ndi kampani yopanga kachip kamene kali mu pulagi ndi mababu angawo. Akuti mafoni kuyambira iOS 14 ndi Android 10, mapulogalamu oyendetsa foniwo, amabisa nambala yeniyeni, amadzipangira ina pa dzina lililonse la waifai, ndiye poti rauta yanu imatulutsa maina awiri, la 2.4GHz ndi la 5GHz, foni iliyonse imaoneka kawiri. Zinayi zapezeka pamenepo. Zisanu zotsalazo ndi mafoni a azimayi a kwaya amene anadzaphunzira nyimbo kwathu kalekale, apu yanu imangowasunga pamndandanda olo anapita. Mwanayo ankazimitsa chinthu chimodzi, nkuona chimene chasowa pa zoyaka, nkuchilemba dzina: giza, geti, babu lakhitchini, zinazo nkulembanso mukope. Ola limodzi silinakwane. Malipiro ake, ndiwo zowonjezera.

Ndiye a teknishani anu a R450 zimenezi sazidziwa? Kapena amadziwa koma anaona kuti Mmalawi uyu angomudyera? Kukwawa kwa intaneti kuja mpaka lero palibe wandiuza chifukwa chake.

Ndikufuna R876 yanga, R450 ya teknishani, R350 yaganyu ndi R76 yatakisi, malisiti a teknishani ndili nawo. Ndipo mnyamata uja apepese, osati kameseji kanu kaja kokopera koti tikupepesa chifukwa cha zovuta, ayi, iyeyo ndi pakamwa pake pomwe panali chingamu paja. Likafika Lachisanu muli chete ndikukaimitsa debit order ya R599 ija kubanki, dandaulo ndikalipereka ku ICASA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti, ndipo dzina lanu lizungulira magulupu onse a WhatsApp a Amalawi kuyambira Turffontein mpaka Yeoville. Tilipo ambiri, paja mwanena nokha kuti timakhala 20 m'chipinda chimodzi.

Shuga amene ndikukapepesera aneba aja sindinamuwerengere, musandipute ndingamuonjezere.