Nyanja zikamaphwa tisamangoloza chala nyengo

A Mkonzi,

Ndithokoze pondipatsa mpata kuti ndiyankhulepo pa nkhani ya nyanja zimene zikuphwa m'madera ouma a udzu, monga m'zidikha za pakati pa Asia ndi m'chigawo cha Sahel, kumwera kwa chipululu cha Sahara mu Africa. Nkhaniyi ikangobuka, ambiri amathamangira kunena kuti vuto ndi kusintha kwa nyengo, ndipo zokambirana zimathera pomwepo. Sindikukana kuti dziko likutentha, koma yankho lachidule limeneli likubisa mbali yaikulu ya mlandu, mbali imene ili m'manja mwa anthu amene amapatutsa madzi a m'mitsinje.

Nyanja zambiri za m'madera otere zilibe mtsinje wotulukamo. Madzi amabwera ndi mitsinje yochokera kumapiri akutali, ndipo njira yaikulu imene amatulukira m'nyanjamo ndiyo kukwera kumwamba ngati nthunzi, zimene zimachitika mofulumira kwambiri kumalo kumene dzuwa limaswa mtengo ndiponso mphepo youma imawomba popanda chotchinga. Nyanjazi zimakhalanso zosaya, moti madzi akatsika ndi mita imodzi yokha, gombe limatha kubwerera m'mbuyo mtunda wautali n'kusiya thope long'ambikang'ambika lokutidwa ndi mchere woyera. Nyanja yotere imadalira kuti madzi olowa azilingana ndi madzi ouluka, choncho aliyense wotapa madzi mumtsinje kumtunda akutapa m'nyanja momwemo, ngakhale atakhala kuti sanaionepo ndi maso.

Nyanja ya Aral, imene ili pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan, ndiyo umboni womvetsa chisoni kwambiri. Mu 1960 inali yachinayi kukula pa dziko lonse mwa nyanja zozunguliridwa ndi mtunda, ya masikweya kilomita pafupifupi 68,000. Boma la Soviet Union linapatutsa mitsinje iwiri yoidyetsa, Amu Darya ndi Syr Darya, kuti lizithirira minda ya thonje, ndipo madzi ambiri ankalowerera mumchenga kapena kuuma m'ngalande zosawaka asanafike n'komwe kumindako. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nyanjayo inali itagawika pawiri, mchere unachuluka, nsomba zinafa, ndipo mu 2014 chigawo chakum'mawa cha nyanja yakumwera chinaumiratu. Mumzinda wa Moynaq, umene kale unali doko la asodzi, zombo zachita dzimbiri zili gone pamchenga, madzi ali kutali makilomita ambirimbiri, ndipo mphepo imanyamula fumbi la mchere losakanikirana ndi mankhwala a m'minda n'kulimwaza m'midzi. Nzosautsa mtima kuganiza kuti alipo okalamba amene anakulira m'ntchito ya usodzi pamalo pomwepo.

Chimene chimanditsimikizira kuti mlandu ndi wa anthu ndi zimene zinachitika pambuyo pake. Mu 2005 dziko la Kazakhstan, mothandizidwa ndi World Bank, linamaliza kumanga damu la Kok-Aral lotchinga madzi a Syr Darya kuti azikhala m'chigawo chakumpoto. Patangopita zaka zochepa madzi anakwera, mchere unachepa, ndipo asodzi anayambanso kuponya maukonde. Dzuwa silinazizire, ndipo mvula sinawonjezeke modabwitsa. Chinasintha ndi kasamalidwe ka madzi basi.

Kunena chilungamo, si paliponse pamene ulimi wothirira uli patsogolo. Nyanja ya Chad, imene imakhudza Chad, Cameroon, Niger ndi Nigeria, inali ya masikweya kilomita pafupifupi 25,000 m'zaka za m'ma 1960, ndipo inachepa koopsa makamaka chifukwa cha chilala cha m'ma 1970 ndi m'ma 1980, pamene mtsinje wa Chari, umene umabweretsa madzi ochuluka a nyanjayi, unafooka. Mvula itabwererako, nayo nyanja inakwerako.

Palinso madzi amene amatapidwa mobisika, pansi pa nthaka. Ku Iran, nyanja ya Urmia yafota chifukwa cha madamu a pamitsinje yake pamodzi ndi zitsime zambirimbiri zimene alimi anakumba. Ku Inner Mongolia, m'dziko la China, migodi ya malasha ndi minda yothirira zimapopa madzi apansi omwe ankadyetsa nyanja zing'onozing'ono za m'tchire, mmene abusa ankamwetsamo ziweto. Ziwetozo nazo zikachuluka kuposa msipu, nthaka imatsala pambalambanda, mvula ikagwa imakokolola dothi, ndipo matope amakwirira nyanja imene inali yosaya kale. Kutentha kwa dziko kumadzangowonjezera katundu pa nyanja yofooka kale, popeza kumafulumizitsa kuuluka kwa madzi ochepa otsalawo.

Pempho langa kwa inu ndi atolankhani anu ndi lakuti, mukamalemba za nyanja iliyonse imene ikuphwa, musamalekere pofunsa akatswiri a zanyengo okha. Mukwere ndi mtsinje mpaka kumtunda, mukawerenge madamu ndi ngalande, mukafunse kuti ndi mbewu yanji ikuthiriridwa, mijigo yakumbidwa ingati, komanso ndani anapereka chilolezo chotapa madziwo.

Ndine,
Wowerenga nyuzipepala yanu mokhulupirika