Lipoti la msonkhano wa za black hole ku Cape Town

A wapampando ndi aphunzitsi anzanga a sayansi, ndabwerako kumene munandituma. Malonje ndi zokamba za ndalama za kafukufuku zinali zomwe zija, sindikutayitsani nazo nthawi.

Chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya singularity. Ambirife timauza ana kuti pakati pa black hole, malo a m'mlengalenga okoka zinthu mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo, pali kadontho kotchedwa singularity komwe zonse zafinyikira. Koma zimene Roger Penrose anatsimikiza mu 1965, mpaka kulandira nazo mphoto ya Nobel mu 2020, n'zakuti nyenyezi ikafinyikira mkati kupitirira mlingo, njira zina za kuwala zimangoduka. Chimene chili podukirapo sananene.

Mu 1952 Yvonne Choquet-Bruhat anasonyeza kuti ukadziwa mmene malo ndi nthawi zilili lero, masamu a Einstein ofotokoza mphamvu yokoka zinthu amakuuza zotsatira popanda kulota. Vuto lili mu black hole yozungulira, ija anaifotokoza Roy Kerr mu 1963. Wokamba wina anaijambula pabolodi, n'kuyendetsa chala kudutsa mzere wa mkati mwake wotchedwa Cauchy horizon. Wodutsa pamenepo saphwanyika, koma kutsogoloko masamu sakuuzanso chimene chichitike. Penrose ankaganiza kuti kakusokonekera pang'ono kokha kangasandutse mzerewo kukhala singularity yotseka njira. Ndiye kuti singularity yomwe timaiopayo ndi imene inkafunika kuti mawa lizichokerabe pa lero! Mu 2017 Mihalis Dafermos ndi Jonathan Luk anasonyeza kuti malo ndi nthawi zimapitirira ndithu kuseri kwa mzerewo. Akatswiri akadakanganabe ngati masamu a Einstein amagwira ntchito kumeneko.

Pomaliza a pamsonkhanowo anagwirizana zoti zokambidwa zonse aziike pa intaneti ngati mavidiyo. Ine sindinakondwe nazo. Kusukulu kwathu netiweki timaisaka pachulu, nanga bandulo yoonera vidiyo ya maola awiri agule ndani? Ndinapempha zolembedwa zoti tikhoza kusindikiza.

Ndikudziwa ena mu komiti ankati zimenezi si za MSCE, ndiye ulendowu n'kuwononga ndalama. Anthu omwewo sanatiuzebe kumene kunapita ndalama zogulira zipangizo za mu labu chaka chatha. Mwana wa Fomu 4 akafunsa za chithunzi choyamba cha black hole cha 2019 chija, tizimuyankha kuti sizili mu silabasi?

Alawansi inafika ndili kale m'basi, ndipo inali yopelewera, moti malo ogona ndinalipira ndi za m'thumba. Malisiti onse ndapereka kwa a msungichuma, ndikupempha kuti andibwezere tisanakumanenso mwezi wamawa.