Lipoti la msonkhano wa za mankhwala umene munandituma ku Salima

A Tcheya, amayi ndi abambo a gulu lathu la ogulitsa mankhwala kuno ku Nkhotakota, ndabwerako bwino. Ndalama ya thiransipoti imene munasonkha yatsalako pang'ono, ndaipereka kwa a msungichuma pamodzi ndi malisiti.

M'mawa wonse unathera pa nkhani ya kusintha kwa utsogoleri ku Ghana. Mu June 2025, mayi Delese Mimi Darko, amene ankatsogolera bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala m'dzikolo kuyambira 2017, adasankhidwa kukhala mkulu woyamba wa African Medicines Agency, bungwe la mayiko a mu Africa lomwe likulu lake lili ku Kigali. Kunena zoona, poyamba ndimadzifunsa kuti za ku Ghana zikumukhudza pati munthu wogulitsa panado pa Dwangwa. Mutu wake ndinaugwira otsogolera msonkhano atafotokoza kuti mu 2020 bungwe la WHO lidaika Ghana pa mlingo wachitatu mwa milingo inayi, kutanthauza kuti kayang'aniridwe ka mankhwala n'kokhazikika. Tanzania ndiyo idayamba kufikapo mu Africa muno, mu 2018. Mlingowu sapatsa munthu, amayang'ana malabotale, oyendera mashopu, kaundula wa mankhwala ololedwa ndi njira yolandirira madandaulo. Mayiwo anyamuka, pampando pakhala wina, koma zonsezi zatsala pomwepo.

Kwathu kuno lamulo la 2019 lidathetsa Pharmacy, Medicines and Poisons Board n'kukhazikitsa bungwe latsopano loyang'anira mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA). Enafe mpaka lero timangoti "a Poisons Board". Dzina lidasintha, koma layisensi, kuyendera ndi kulembetsa mankhwala zikadalipo, ndipo tisamayembekeze kuti akasintha wamkulu ku Lilongwe zinthu zifewa.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya ku Gambia. Mu 2022 ana pafupifupi 70 adamwalira impso zitasiya kugwira ntchito, atamwa mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine ochokera ku India, momwe mudapezeka poizoni wotchedwa diethylene glycol ndi ethylene glycol. Amayi adagula ndi ndalama zawo, n'kumwetsa ana awo ndi supuni, akuganiza kuti akuchiza. Wogulitsayo naye sankadziwa chili m'botolo. Ndinaganiza za mabotolo ali pa shelefu yanga, ndi amayi amene amabwera mwana ali kumbuyo akutsokomola, n'kungoti "ndipatseniko a chifuwa". WHO idanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, mankhwala amodzi mwa 10 aliwonse amakhala achinyengo kapena osafika muyezo.

Masana anatiikira timabokosi tiwiri ta amoxicillin patebulo kuti tisiyanitse. Ambiri tinalephera. Mtundu umodzimodzi, zilembo zofanana. Koma utatsegula, nambala ya batch (yosonyeza gulu la mankhwala opangidwa nthawi imodzi) ya pabokosi sinkagwirizana ndi ya pa kapepala kamakapusozi m'kati. Chinthu chaching'ono chotere, choti ungachione m'masekondi ochepa ukamalandira katundu.

Pa za kasungidwe ndinaimika dzanja. Mankhwala ambiri amalembedwa kuti asungidwe posapitirira madigiri 30, ena 25. Nanga shopu ya malata yopanda siling'i kuno kunyanja mwezi wa October? Yankho linali loti tiike siling'i, mawindo olowetsa mphepo ndi kachipangizo koyezera kutentha, n'kumalemba tsiku lililonse. Ndikudziwa kuti ndi ndalama, koma ine ndikuona kuti tisonkhe tigule zoyezerazo pamodzi.

Ndinadandaulanso za anzathu oyala mankhwala padzuwa pamsika ndi kumadoko, ogulitsa makapusozi awiriawiri kwa asodzi, ngakhalenso LA wobedwa m'zipatala za boma. Anatilimbikitsa kukanena, ndipo ine ndikuti tizinena monga gulu kuti munthu mmodzi asadedwe.

Pempho langa ndi ili, a Tcheya. Pa msonkhano wathu ukubwerawu aliyense abwere ndi malisiti a kumene amaoda katundu, tione ngati onse ali ndi layisensi ya PMRA. Tigulenso kope limodzi lolembamo dzina la mankhwala, batch ndi tsiku lotha ntchito nthawi iliyonse kasitomala akadandaula kuti mankhwala amupweteka kapena sakugwira. Mafomu operekera malipoti oterewa ndabwera nawo, ali kwa a mlembi.